Umakaniko wa ku usilikali wa Britain: ku Army, ku Navy kapena ku RAF?

Achinyamata ambiri amene anagwirako sipanala m'magalaja a ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Luwinga akamva kuti Britain imalemba usilikali anthu a m'maiko a Commonwealth, mtima wonse umathamangira pa viza ndi tikiti ya ndege. Za nthambi imene akalowe, kaya Army (asilikali a pamtunda), Navy (a panyanja) kapena RAF (a ndege), amati akaonera komweko. Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, achimwene ndi achemwali, chifukwa amene akugona pansi pa thiraki m'matope a ku Estonia, amene akulondera jenereta m'mimba mwa sitima pakati pa nyanja, ndi amene akusayinira ndege ya Typhoon kuti inyamuke, onsewo ndi amakaniko, koma pakatha zaka khumi manja awo amakhala atazolowera zitsulo zosiyana, ndipo makomo amene amawatsegukira akavula yunifolomu amakhalanso osiyana.

Ndinene maganizo anga poyambirira pomwe. Kwa munthu amene akudziwa kuti tsiku lina adzabwerera kumudzi n'kudzadya za manja ake, njira yoongoka ndi Army, m'gulu la amakaniko lotchedwa REME. Koma pali anthu amene njira imeneyi siyowayenera, ndipo zifukwa zake n'zazikulu ndithu.

Khomo lenilenilo

Mu November 2018 unduna wa zachitetezo ku Britain unachotsa lamulo lakuti munthu wa m'dziko la Commonwealth ayambe wakhala ku UK zaka zisanu asanafunsire usilikali. Unati ukufuna kumalemba anthu 1,350 pachaka: 1,000 ku Army, 300 ku Royal Navy, ndi 50 okha ku RAF. Manambala amenewa akuuzani kale kuti makomo atatuwa sakula mofanana. Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa ali mu Commonwealth. Zimbabwe inatulukamo mu 2003, choncho abale athu obadwira ku Harare ndi ku Bulawayo amene ali ndi pasipoti ya kumeneko yokha njirayi njotseka kwa iwo.

Khomoli silikhala lotsegula chaka chonse. Amalitsegula, mafomu n'kuchuluka kupyola malo, n'kulitsekanso kwa miyezi yambiri. Likatseguka, si ntchito zonse zimene zimapatsidwa kwa ochokera kunja, chifukwa zina zimafuna kuti boma lifufuze mbiri yanu, ndipo kufufuzako kumavuta ngati simunakhaleko ku UK. Ulendo mumalipira nokha, ndipo pamafunika munthu wokusungani kumeneko pamene mukuyesedwa. Kufunsira ntchitoyi n'kwaulere. Aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba, ngakhale atakutumizirani chithunzi chake atavala yunifolomu.

Malipiro asakusokonezeni posankha. Nthambi zonse zitatu zimalipira potsata ndandanda imodzi, malinga ndi udindo. Mu April 2024 malipiro a wolowa kumene anakwezedwa kufika £25,200 pachaka. Kusiyana kumabwera pambuyo, chifukwa ntchito zinagawidwa m'magulu anayi a malipiro, ndipo okonza ndege amakhala m'gulu lokwererapo kuposa okonza magalimoto.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti muchichite musanagule tikiti, kaya mwasankha nthambi iti. Mu November 2019 anyamata awiri, wina wa ku Ghana ndi wina wa kwathu kuno, anakomoka pa masiku osiyana atathamanga makilomita awiri pa malo oyesera ofuna usilikali ku Lichfield, ndipo onse anamwalira. Ofufuza anapeza kuti onse awiri anali ndi mbewu ya sickle cell m'magazi, ija munthu amakhala nayo moyo wake wonse osadwala, koma imene imatha kupha thupi likakakamizidwa kupyola muyeso. Kuchokera pamenepo Army inayamba kuyeza magazi munthu asanathamange. Musadikire kukamvera kumeneko. Pitani kuchipatala konkuno mukayezetse, ndipo muyezetsenso maso ngati amasiyanitsa bwino mitundu, chifukwa wosokoneza waya wofiira ndi wobiriwira saloledwa kukhudza magetsi a ndege.

Army: gulu la REME

Royal Electrical and Mechanical Engineers linakhazikitsidwa pa 1 October 1942, nkhondo yachiwiri ili mkati, a Britain ataona kuti akasinja ndi magalimoto akungotayika chifukwa chosowa gulu limodzi loyang'anira zokonza. Mukalowa, mumayamba ndi maphunziro a usilikali a pafupifupi miyezi itatu ku malo monga Pirbright: perete, mfuti, kugona kutchire, kuthamanga mutasenza katundu. Kenako mumapita ku MOD Lyneham, m'chigawo cha Wiltshire, kumene sukulu ya umakaniko inasamukira mu 2015 kuchoka ku Bordon ndi Arborfield. Msilikali wamba wa REME amatchedwa Craftsman.

Ntchito zilipo zingapo, koma ziwiri ndizo zikukhudza kwambiri munthu wa sipanala. Yoyamba ndi Vehicle Mechanic. Ameneyu amakonza chilichonse choyenda ndi matayala kapena maunyolo: Land Rover, mathiraki a MAN onyamula katundu, Foxhound, Jackal, Warrior, mpaka kasinja wa Challenger 2 wolemera matani oposa 60, amene amakokedwa ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda 12. Mukamaliza maphunziro, nthawi zambiri amakutumizani ku kagulu kakang'ono kotchedwa Light Aid Detachment, kamene kamakhala ndi gulu lina la asilikali n'kumawakonzera zida zawo. Iwo akapita ku Tapa ku Estonia, inu muli pambuyo pawo. Akapita kukaphunzira ku Nanyuki ku Kenya, kumene fumbi ndi miyala zimatha matayala ndi masipuling'i ngati m'misewu yathu ya kumudzi, inunso muli komweko.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Dizilo ndi dizilo. Mabuleki a mpweya a thiraki ya MAN ya usilikali sasiyana kwenikweni ndi a thiraki imene ikunyamula feteleza kuchoka ku Beira kudzera pa Mwanza. Mumaphunzira mapaipi a hydraulic, magetsi a galimoto, kufufuza vuto ndi kompyuta, ndipo ambiri amatuluka ndi laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu pamwamba pa satifiketi ya umakaniko yovomerezeka ku UK. Ameneyu akabwerera, makampani a mathiraki a ku Kanengo ndi ku Limbe, migodi ya ku Kansanshi ndi Lumwana ku Zambia, kapena ya malasha ku Moatize, onse amamvetsa zimene akudziwa popanda kufotokoza kwambiri. Ngakhale atati atsegule galaja yakeyake pa Lunzu, makasitomala ake akudutsa kale pamsewu.

Koma mudziwe ichi, chifukwa chimakhumudwitsa ambiri amene anaphunzirira ntchito kwathu. Ku usilikali nthawi ndiyo yofunika kuposa chitsulo. Injini ya kasinja ikafa kutchire, saiphwasula pomwepo. Amaizula yonse pamodzi ndi giyabokosi pogwiritsa ntchito kireni, n'kuikapo ina, kasinja n'kumapita. Yakufayo imatumizidwa kutali, ndipo ntchito yaikulu yophwasula ndi kumanganso imagwiridwa ndi makampani a anthu wamba monga Babcock, imene inatenga malo okonzerako zida za Army mu 2015. Ndiye mnyamata amene anazolowera kugaya mavalavu ndi kusintha mapisitoni pansi pa mtengo ku Ndirande atha kupeza kuti mkati mwa injini amaudziwa kuposa anzake a kumeneko, koma mpata woonetsa zimenezo ndi wochepa. Masiku ambiri pa kampu amathera pa kuyendera magalimoto, kudikira masipeya, ndi kulemba chilichonse mu kompyuta. Ine ndimaona kuti mwambo umenewu, wolemba ntchito iliyonse ndi kumanga bawuti pa mphamvu yake yoyenera, ndiwo chuma chenicheni chimene munthu angabwere nacho, chifukwa ndiwo umasowa m'magalaja athu ambiri. Luso lokonza ndi zochepa tili nalo kale.

Ntchito yachiwiri ndi Recovery Mechanic, ndipo anthu saiganizira mokwanira. Ameneyu ndi wokoka. Kasinja akatitimira m'dambo, thiraki ikagubuduka m'phompho, iye ndiye amabwera ndi galimoto yake ya winchi ndi kireni. Si ntchito ya mphamvu chabe. Amawerengera kulemera kwa galimoto, kutsetsereka kwa malo, kuzama kwa matope, n'kudziwa kuti chingwe achipinde kangati kuti chikoke osaduka, pakuti chingwe cha chitsulo chikaduka chimatha kupha munthu. Aliyense amene anaonapo thanka ya mafuta itagona m'makhotolo a ku Chiweta kapena pa Khwekhwerere, msewu utatsekeka tsiku lonse podikira woti aidzutse, akudziwa kuti luso limeneli kwathu n'losowa. Komanso ndi ntchito ya kutsogolo kwenikweni. Ku Helmand, ku Afghanistan, galimoto ikaponda bomba, anthu amenewa ndi amene ankapita kukaichotsa, podziwa kuti pamene pali bomba limodzi pangakhalenso lina. Asilikali a REME anafa ku Iraq ndi ku Afghanistan. Sipanala sikuchotserani mfuti paphewa, ndipo lumbiro limene mumalumbira kwa Mfumu ya Britain ndi lomwelo la msilikali wina aliyense.

Kukwera kwake kuli ndi makwerero omveka: Class 3, Class 2, Class 1, kenako kwa akhama ndi a mutu wabwino pali kosi ya Artificer, imene imakufikitsani pa udindo wa Staff Sergeant n'kukusandutsani woyang'anira amakaniko ena. Kulinso Armourer wokonza mfuti ndi Metalsmith wowotcherera ndi kusula zitsulo. Wowotcherera sasowa ntchito kulikonse. Wokonza mfuti akavula yunifolomu amavutika kupeza kogulitsa luso lake.

Mu Army momwemo muli gulu lina, Royal Engineers, limene sukulu yake yaikulu ili ku Chatham. Kumeneko kuli ntchito ya Plant Operator Mechanic, woyendetsa ndi kusamala akatapila, magiledala ndi makina okumba. Ngati maso anu ali pa makampani omanga misewu ndi migodi, musalidumphe.

Royal Navy

Apa mpamene maganizo anga oyamba aja amagwedezeka, chifukwa pa kuchuluka kwa zinthu zimene munthu mmodzi amaphunzira, palibe nthambi yoposa Navy.

Mumayamba ndi masabata khumi ku HMS Raleigh, ku Torpoint m'chigawo cha Cornwall, kenako ku HMS Sultan ku Gosport. Maina amenewa akumveka ngati a sitima koma ndi makampu a pamtunda. Ntchito ya makaniko wa sitima imatchedwa Engineering Technician, Marine Engineering, ngakhale anzawo amangowaitana kuti stoker, dzina lotsalira kuyambira nthawi imene sitima zinkayendera malasha. Sitima ya nkhondo ikachoka pa doko imadzidalira pa chilichonse. Magetsi imapanga yokha. Madzi akumwa imasefa kuchokera ku madzi amchere. Ili ndi zipinda zozizira zosungiramo chakudya cha anthu mazana, mapampu ozimitsira moto, makina oziziritsa mpweya, zimbudzi ndi mapaipi ake, chiwongolero choyendera hydraulic. Zonsezi zili m'manja mwa gulu limodzi la amakaniko, ndipo chikaonongeka pakati pa nyanja palibe shopu ya masipeya. Kumeneko luso lathu lija lokonza ndi zimene zilipo limalemekezedwa.

Makina ake ndi aakulu zedi. Sitima ziwiri zonyamula ndege, HMS Queen Elizabeth ndi HMS Prince of Wales, iliyonse ili ndi mainjini awiri a Rolls-Royce MT30, iliyonse yotulutsa mamegawati 36, kuphatikizapo majenereta anayi a dizilo a Wärtsilä. Sitima zisanu ndi imodzi za Type 45 zinavutika zaka zambiri ndi kuzima kwa magetsi onse zikalowa m'madzi ofunda a ku Gulf, mpaka boma linaganiza zoboola m'mbali mwake, kuchotsa majenereta awiri n'kuikamo atatu amphamvu. Makaniko amene anakhalapo mu mdima umenewo, akuthamanga ndi tochi kuti adzutse magetsi a sitima yonse, sadzachita mantha ndi jenereta ya pa chipatala kapena pa fakitale ya shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Munthu wotereyu kwathu angagwire ntchito pa malo opangira magetsi, pa mabungwe a madzi, m'mahotela, m'mafakitale a tiyi ku Thyolo, pa sitima za pa njanji ya ku Nacala, ndiponso pa doko la Monkey Bay kumene Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, imakonzedwera. Pa ntchito ya galaja ya magalimoto ang'onoang'ono yekha ndi pamene angatsalire m'mbuyo.

Mtengo wake ndi moyo wa m'sitima. Ulendo umodzi umatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira; mu 2021 HMS Queen Elizabeth inanyamuka mu May n'kubwerera mu December. Mumagona pa kabedi kosanjikiza m'chipinda cha anthu ambiri, mumagwira ntchito mosinthana usana ndi usiku, m'chipinda cha injini chotentha ndi chaphokoso, chopanda zenera. Intaneti imakhalapo mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina amaitseka dala. Kukachitika maliro kumudzi, mutha kumva mwambo utatha. Dzifunseni moona mtima ngati mungapirire zimenezi. Ngati munakwerapo Ilala nthawi ya mwera n'kufika ku Nkhata Bay mutatheratu ndi nseru, dziwani kuti nyanja ya Atlantic m'nyengo yozizira ndi yoopsa kuposa pamenepo, ngakhale ambiri amazolowera. Kusambira n'kofunika: pali mayeso osambira mutavala ovolosi, ndipo ana a ku Lilongwe ndi ku Mchinji ambiri sanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno. Yambani kuphunzira lero. Ntchito za m'sitima zoyenda pansi pa madzi, zimene zimakhala ku Faslane ku Scotland, zimafuna nzika za Britain, choncho poyamba musaziwerengere.

Za Royal Marines, gulu la makomando, ndinene mwachidule. Ali pansi pa Navy ndipo ali ndi amakaniko a magalimoto, koma simulowa ngati makaniko. Mumayamba mwapirira masabata osachepera 32 ku Lympstone, kuphatikizapo kuyenda mamailosi 30 m'mapiri a Dartmoor mutasenza katundu m'maola asanu ndi atatu, ndipo za sipanala zimabwera pambuyo ngati malo alipo. Amene mtima wake uli pa injini asadzere kumeneko.

RAF, ndi nkhani ya ndege yonse

Ambiri akamva za ndege maso amawala, ndipo sindikuwadzudzula. Maphunziro a usilikali ndi masabata khumi ku RAF Halton, kenako okonza ndege amapita ku RAF Cosford m'chigawo cha Shropshire. Mukatero mutha kutumizidwa ku Coningsby kapena Lossiemouth kumene kuli Typhoon, ku Marham kumene kuli F-35B, ku Odiham kwa mahelikopita a Chinook, kapena ku Brize Norton kumene kuli ndege zikuluzikulu zonyamula katundu monga A400M ndi C-17. Moyo wa pa kampu ndi wokhazikika kuposa wa ku Army ndi ku Navy. Maulendo akunja alipo, ku Akrotiri ku Cyprus kapena ku Falklands, koma ndege imafuna bwalo ndi denga, choncho makaniko wake sagona m'dzenje kawirikawiri. Kwa munthu wa pabanja ichi si chinthu chaching'ono.

Kagwiridwe ka ntchito ndi kosiyana kotheratu ndi ka pa galaja. Sipanala iliyonse ili ndi malo ake ojambulidwa pa bolodi. Ikasowa imodzi, ndege siuluka mpaka ipezeke, ngakhale zitatanthauza kumasulanso zonse zimene mwamanga tsiku lonse, chifukwa kachitsulo kotsalira mkati kangathe kugwira zowongolera kapena kumezedwa ndi injini. Palibe zoti ndikudziwa kale: buku limakhala lotsegula pambali panu ndipo mumatsata mzere ndi mzere. Mukamaliza mumasayina m'buku la ndegeyo, Form 700, ndipo ntchito zina wina amadzayendera pambuyo panu n'kusayinanso. Siginecha imeneyo ndi mlandu wanu ngati chinachake chalakwika. Pali amakaniko aluso kwambiri, aja amamva vuto la injini ndi khutu lokha, amene moyo umenewu umawatsamwitsa. Pali ena amene amaupeza ngati anabadwira momwemo. Mukudzidziwa nokha.

Zovuta zake ndi ziwiri. Choyamba ndi kulowa. Malo a ochokera ku Commonwealth ndi ochepa kwambiri, ndipo ntchito za ndege zimafuna kufufuzidwa mbiri, zimene kawirikawiri zimafuna kuti mukhale mutakhalako ku UK zaka zingapo. Ana a Amalawi amene anakulira ku Leeds, ku Manchester kapena ku Glasgow ali ndi mwayi umenewu kuposa wochokera ku Zomba mwachindunji. Magiredi a masamu ndi sayansi amafunikanso okwererapo, ndipo MSCE yanu iyenera kuyerekezedwa ndi GCSE kudzera ku bungwe la UK ENIC.

Chachiwiri ndi pepala. Ambiri amaganiza kuti ukakonza ndege za nkhondo zaka khumi, kampani ya ndege za anthu wamba ingokulandira n'kukupatsa mphamvu yosayina. Sizili choncho. Kumeneko kumafunika laisensi ya Part-66, B1 kwa wa injini ndi thupi la ndege, B2 kwa wa magetsi ndi zipangizo zoyendetsera. Zaka za ku usilikali amaziwerengera, koma mayeso ake mumayenera kulemba, ndipo mumayenera kugwirako ntchito pa ndege za anthu wamba musanapatsidwe. Anzeru amayamba kulemba mayesowo adakali mu yunifolomu, pogwiritsa ntchito ndalama za maphunziro zimene usilikali umapereka. Wopeza laisensiyo amalandira bwino kuposa amakaniko ena onse amene tawatchula, ku UK, ku Dubai, ku Doha, ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg. Koma kwathu ndege zokhazikika pa Kamuzu International Airport ndi pa Chileka n'zowerengeka, ndipo malo a ntchito ndi ochepa chimodzimodzi. Kusankha ndege kuli pafupi ndi kusankha kukhala kunja moyo wanu wonse wa ntchito. Ngati zimenezo mwazivomera mumtima, njirayi ndi yabwino kwambiri.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti RAF si khomo lokhalo la ndege. REME ili ndi Aircraft Technician ndi Avionics Technician amene amakonza mahelikopita a Apache ku Wattisham ndi a Wildcat ku Yeovilton, ndipo amapatsidwa udindo wa Lance Corporal akangomaliza maphunziro a ntchito. Navy nayo ili ndi Air Engineering Technician, wophunzirira ku HMS Sultan, amene amakonza mahelikopita a Merlin ku Culdrose, Wildcat ku Yeovilton, ndi F-35B pamwamba pa sitima. Amene khomo la RAF lamukanika afunse ngati awiriwa ali otsegula kwa iye. Komanso RAF ili ndi amakaniko a pansi, okonza magalimoto ozimitsa moto, mathanka a mafuta a ndege, majenereta ndi makina okokera ndege. Ameneyo amapeza luso la dizilo lofanana ndi la ku REME pamodzi ndi moyo wokhazikika wa ku RAF, ndipo ndikanakhala ndi mwana wokulira ku UK wokonda magalimoto, ndikanamulozera kumeneko asanayang'ane kwina.

Banja, mapepala okhalira, ndi kwathu

Malamulo a zolowa ndi kutuluka ndi amodzi ku nthambi zonse. Wotumikira zaka zinayi atha kupempha chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale akamatuluka, ndipo kuyambira April 2022 amene watumikira zaka zisanu ndi chimodzi salipira chindapusa cha chilolezocho, chimene panthawiyo chinali £2,389 pa munthu. Kubweretsa mkazi kapena mwamuna ndi ana kuli ndi malamulo ake a ndalama zimene muyenera kumalandira, ndipo maviza awo amadya ndalama zambiri. Malawi tsopano imalola unzika wa maiko awiri, choncho kutenga pasipoti ya Britain sikukulandani kwanu. Kusiyana kwa nthambi kumaonekera pa mkazi amene mwamubweretsa kuchoka ku Mangochi, n'kumusiya yekha ku Plymouth ndi khanda m'nyengo yachisanu inu muli pa nyanja miyezi isanu ndi iwiri. Mukambirane naye musanasankhe, chifukwa nayenso akulowa nawo.

Tisaiwale kuti usilikali ulinso konkuno. Malawi Defence Force imaphunzitsa olowa kumene ku MAFCO ku Salima, ili ndi asilikali a pamtunda ku Kamuzu Barracks, Cobbe Barracks ndi Moyale Barracks, a pamadzi ku Monkey Bay, ndi a ndege ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mfundo zosankhira ndi zomwezi: galimoto ili ndi msika waukulu, boti ndi jenereta zimatsegula mafakitale, ndege ili ndi ulemu koma malo ochepa. Malipiro safanana ndi a ku UK, koma makolo anu mukuwaona, ndipo wolowa ali kale ndi satifiketi ya TEVETA yochokera ku Soche, Lilongwe Technical, Nasawa kapena Mzuzu Technical amakhala ndi poyambira. Satifiketi yomweyo ndi yothandizanso pamene mukudikira khomo la ku Britain, chifukwa kudikirako kumatha chaka kapena ziwiri, ndipo mayeso a masamu amene ofuna ntchito za umakaniko amalemba kumeneko savuta munthu amene mutu wake sunachite dzimbiri.

Pali msampha umodzi umene wagwira ambiri. Mukafika ku UK, viza ikutha, wokusungani wayamba kutopa nanu, ndiye mumauzidwa kuti malo a Vehicle Mechanic kulibe mpaka miyezi ingapo, koma a infantry (asilikali omenya nkhondo wapansi) kapena oyendetsa galimoto alipo sabata yamawa. Anzanu adzakuuzani kuti fodya ndi uyu ali pamphuno, lowani kaye, mudzasintha muli mkati. Kusintha n'kotheka, koma si ufulu wanu. Zimadalira kuti gulu lanu likumasuleni, kuti kumene mukufunako kukhale malo, ndiponso kuti magiredi anu akwanire, ndipo ku Army munthu wa zaka 18 kapena kupitirira amene wapitirira miyezi itatu yoyamba amakhala atamangika zaka zinayi. Ndikumvetsa amene amavomera chifukwa ndalama zatha ndipo kubwerera chimanjamanja n'kowawa. Koma ngati cholinga chanu ndi umakaniko, konzekerani msamphawu musananyamuke: sungani ndalama zoti mukhoza kudikirira, gwirizanani ndi wokusungani za nthawi yeniyeni, funsani ofesi yolemba anthu kuti ndi ntchito ziti zimene zili zotsegula kwa a Commonwealth pa nthawiyo, ndipo pa kalata imene akupatseni muonetsetse kuti dzina la ntchito yalembedwapo ndi lomwe munapempha, musanaike siginecha yanu.